Kalata yotseguka kwa akuluakulu a chigawo cha Tete: malo osangalalira ana atsegukirenso aulumali

Kwa Bwanamkubwa wa chigawo cha Tete, Mlembi wa Boma m'chigawochi, atsogoleri a makhonsolo a mzinda wa Tete, Moatize ndi Ulónguè, akuluakulu a maboma onse, komanso eni malo osangalalira.

Olemekezeka,

Tikupatsani moni mwaulemu. Talemba kalatayi ndife amisiri omanga, ogwira ntchito yolimbitsa ziwalo za odwala, aphunzitsi a ana aulumali ndi okonza njinga za olumala. Nkhani yathu ndi ya malo omwe makolo amapita ndi ana kukasangalala: mabwalo a akatungwe, minda yopumulirako ya m'tauni, malo odyera a m'mbali mwa Zambezi omwe ali ndi madziwe osambiramo, komanso makina ozungulira ndi ma pula-pula (tinyumba topopedwa mpweya todumphamo ana) omwe amabwera pa lole n'kumangidwa pabwalo pa 1 Juni, pa 25 Juni ndi pa Khirisimasi. Pempho lathu ndi limodzi. Malo otere asamalandire chiphaso mpaka munthu woyenda pa njinga ya olumala atayenda yekha kuchokera pamsewu, kulowa pageti, kufika pa zoseweretsa, kulowa m'chimbudzi ndi kutulukanso popanda womunyamula.

Lamulo lilipo kale. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko la Mozambique a mu 2004 limati nzika yaulumali ili ndi ufulu wonse ngati nzika ina iliyonse, ndipo gawo 125 limapatsa boma udindo wopeputsa kafikidwe ka anthu aulumali pa malo a anthu onse. Decreto 53/2008 ya pa 30 Disembala inayala ndondomeko ya kamangidwe ndi kasamalidwe ka malo otere. Mu 2012 dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe gawo lake 30 limatchula masewera, kupuma ndi zosangalatsa, n'kutchulanso ana mwapadera. Mu 2024 kunabwera Lei 10/2024 yoteteza ufulu wa anthu aulumali. Chomwe chikusowa ndi tepi yoyezera m'manja mwa woyendera malo pa tsiku lopereka chiphaso, ndi mtima wokana kusaina ngati miyezo sikukwana.

Tiyambe ndi rampa, njira yotsetsereka ija yolowa m'malo mwa masitepe, chifukwa apa ndi pomwe simenti yambiri imatayika pachabe. Mwini malo akauzidwa kuti aike rampa, amaitana mmisiri. Pakhomo pali masitepe atatu, lililonse masentimita 15. Mmisiri amathira konkire m'mbali mwa masitepewo, utali wa mita imodzi ndi theka, kuti rampa ithere pomwe masitepe athera. Woyendera malo akafika amaona kuti ilipo, n'kuchonga pa pepala. Koma imani pambali muone mwana wa pa njinga akuyesa kukwera. Akakankha mwamphamvu, matayala aang'ono akutsogolo amanyamuka, njinga imapendekera chagada, mutu n'kukamenya pansi. Potsika, zopondera mapazi zimakagunda nthaka kunsi kwa rampa, njinga imaima mwadzidzidzi, mwana n'kugwa chafufumimba. Mayi womukankha akaterereka, onse awiri amapita. Rampa yotere ndi yoopsa kuposa masitepe, pakuti masitepe munthu amawaona n'kuima, pomwe rampa imamuitana kuti akwere.

Muyezo womwe amisiri amatsata m'maiko ambiri ndi wosavuta: pa sentimita imodzi iliyonse yokwera, rampa italike masentimita 12. Masitepe atatu aja ndi masentimita 45, choncho rampa yake ndi mamita 5.4. Khonde lokwera masentimita 60 likufuna mamita 7.2. Awa ndi malire omaliza, ndipo pomwe malo alipo ndi bwino kutalikitsa kufika masentimita 15 kapena 20 pa sentimita imodzi. Kuyeza sikufuna makina. Tengani thabwa lowongoka la mamita 1.2, ikani nsonga imodzi pa rampa cha kumtunda, sanjikani levulo pamwamba pake, kwezani nsonga yakunsi mpaka madzi a mu levulo akhale pakati. Mpata wa pansi pa nsonga yakunsiyo usapitirire masentimita 10. Ukapitirira, rampayo iphwanyidwe.

Mulifupi mwake ikhale mamita 1.2. Isapitirire mamita 9 popanda malo athyathyathya opumirapo a mamita 1.5, ndipo malo otere akhalenso pamwamba, kutsogolo kwa chitseko. Izi amisiri ambiri amaiwala: rampa ikathera pachitseko penipeni, munthu akasiya tayala kuti agwire chitseko, njinga imabwerera m'mbuyo. Ngati bwalo ndi laling'ono, rampa ikhote, koma pokhotapo pakhale pathyathyathya mamita 1.5 mbali zonse. M'mphepete monse muike kakhoma ka masentimita 10 kotchinga tayala, komwe kamathandizanso ndodo ya munthu wosaona. Zogwirira zikhale ziwiri mbali iliyonse, china pa masentimita 90 china pa 70 cha ana, ndipo zipitirire kumapeto kwa rampa ndi masentimita 30. Konkire isasalazidwe kapena kupakidwa polishi, ndipo matailosi onyezimira asayandikireko. Isesedwe ndi tsache mopingasa ikadali yaiwisi kuti ikhale yokhakhala.

Palinso za mvula. Kumtunda kuno ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, madzi a mu Januwale amakokolola dothi la kunsi kwa rampa n'kusiya mlomo wa konkire uli pamtunda. Mlomo wa masentimita awiri kapena atatu okha ndi wokwanira kuimitsa tayala laling'ono la kutsogolo. Phazi la rampa likwiriridwe m'nthaka, lilumikizane ndi njira yolimba, ndipo madzi a padenga apatsidwe ngalande yawo.

Mkati mwa bwalo vuto ndi nthaka. Pansi pa akatungwe amathirapo mchenga kuti mwana akagwa asavulale, ndipo n'zoona mchenga umateteza. Koma tayala limatitimira mumchenga ndi m'miyala yamwazamwaza, ndodo zoyendera nazo zimalowa. Mchengawo ukhale pomwe ana amagwera, koma pakhale njira yolimba yofika pambali pa choseweretsa chilichonse, ya njerwa zootcha zoyalidwa mothinana kapena ya dothi losakaniza simenti losinjidwa bwino. Mulifupi mamita 1.5, ndipo pa njira yaikulu mamita 1.8 kuti njinga ziwiri zipatukirane. Kupendekera kwa m'mbali kotayira madzi kusapitirire masentimita awiri pa mita, apo ayi njinga imakokera mbali imodzi, dzanja limodzi n'kutopa msanga. Zitsulo zovundikira ngalande zisakhale ndi mipata yoposa masentimita 1.3, ndipo zigone mopingasa njira. Kumbukiraninso kuti anthu ambiri kuno amayenda pa njinga za matayala atatu zopalasa ndi manja, zomwe ndi zazitali kuposa za m'chipatala ndipo sizikhota pamalo othina. Ana enanso alibe njinga n'komwe. Amafika ali kumsana kwa amayi awo ngakhale ali ndi zaka khumi. Mayi wotere amafuna benchi yokhala ndi chotsamira, pamthunzi, pa mamita 50 aliwonse.

Pageti, eni malo amakonda kampata kopanikiza kuti anthu alowe mmodzimmodzi osazemba tikiti. Njinga ya olumala mulifupi mwake ndi masentimita 60 mpaka 70, kuonjezera manja ogwira matayala, choncho mpata ukhale masentimita 90. Geti la pambali lomwe limakhala lokhoma, kiyi wake ali ndi mlonda yemwe wapita kukadya, musaliwerengere. Zenera logulitsira matikiti likhale ndi mbali yotsika pa masentimita 80. Tikupemphanso kuti munthu mmodzi woperekeza mlendo yemwe sangathe kudzisamalira yekha azilowa ulere. Iyeyo wabwera kudzanyamula, kudzadyetsa ndi kudzaperekeza kuchimbudzi, ndipo kumulipiritsa ndiko kulipiritsa banja laulumali kawiri.

Chimbudzi ndicho chimalamula kuti banja likhala maola angati. Ngati mwana sangalowemo, makolo amamumana madzi kuyambira m'mawa kuti asafune kupita, ndipo kwa mwana wolumala msana kapena wogwiritsa ntchito kapaipi kotayira madzi, kumeneko n'kuitana matenda a chikhodzodzo ndi impso. Chipinda chimodzi chokha chokonzedwa bwino chimakwana pa malo aang'ono. Mkati mukhale malo ozungulirapo njinga a mamita 1.5, ndipo pambali pa mpando pakhale mpata wa masentimita 90 woimikapo njinga posamuka. Chitseko chikhale cha masentimita 90 ndipo chizitsegukira kunja, chifukwa munthu akagwa mkati thupi lake limatchinga chitseko chotsegukira mkati. Mpando ukhale pa masentimita 45 mpaka 48, mofanana ndi mpando wa njinga. Pomwe pali chimbudzi chokumba, mpandowo umangidwe ndi njerwa pamwamba pa dzenje, upakidwe simenti yosalala kuti uzitsukika, pakuti wodwala miyendo sanganjute ndipo pansi pa chimbudzi si pokwawapo munthu. Zogwirira zipangidwe ndi paipi ya madzi ya mamilimita 32 mpaka 40, yozikidwa mu konkire kapena yomangidwa ndi mabauti opyola khoma. Zokhomera ndi misomali pa pulasitala zimazuka tsiku lomwe munthu wayedzamirapo thupi lonse. Mpopi ukhale pa masentimita 80, wotsegula pokankha. Ndipo chipindachi chisasanduke mosungira matsache, zidebe ndi makireti a zakumwa, zomwe zimachitika pakangopita miyezi ingapo popanda woyendera.

Tinene za kutentha, pakuti Tete si Ulónguè. Mu Okutobala ndi Novembala mzinda wa Tete ndi Moatize kumatentha kupitirira madigiri 40. Munthu wovulala msana sachita thukuta bwino kunsi kwa pomwe anavulala, thupi lake silizizira lokha, ndipo akhoza kukomoka ali pamzere. Yemweyo samva kutentha kwa chitsulo. Mwana wosamva kukhudza m'miyendo akakhala pa chotsetserekapo cha lata masana, amapsa osadziwa, chilondacho n'kudzaoneka madzulo pomusambitsa, ndipo chilonda cha pamalo otere chimatenga miyezi kuti chipole. Ana achialubino amapsa khungu msanga, maso awonso salimbana ndi kuwala. Choncho pamzere ndi pa zoseweretsa zachitsulo pakhale mthunzi, wa mtengo kapena wa neti, zogwirira zipakidwe utoto woyera, madzi akumwa apezeke ulere, ndipo lamulo loletsa kulowa ndi chakudya kapena chakumwa lisakhudze odwala shuga ndi ana omwe amadya zakudya zapadera.

Pa zoseweretsa zenizenizo, zomwe zimachitika kawirikawiri ndi zakuti mnyamata woyang'anira amangomuyang'ana mwana n'kupukusa mutu. Sitikunena kuti aliyense akwere chilichonse. Pali makina othamanga omwe chotchinga chake chimagwira pa ntchafu, ndipo munthu wodulidwa miyendo yonse pamwamba pa mawondo akhoza kupulumukamo. Mwendo woikirira ukhoza kuvuka makina ali m'mwamba n'kukagwera anthu pansi. Koma chiweruzo chichokere pa zomwe thupi lingathe, zolembedwa pa chikwangwani pakhomo pa makina aliwonse: kodi wokwera ayenera kukhala tsonga yekha, kugwira ndi dzanja limodzi kapena onse awiri, kupirira kuzungulira, ndipo lamba atsekeke mpaka pati. Zimenezi zimapezeka m'buku la opanga makinawo. Makina obwera opanda buku lake asapatsidwe chilolezo, kwa mwana aliyense.

Zambiri zothandiza n'zotheka kwa owotcherera a kuno komwe. Katungwe mmodzi pa bwalo lililonse akhale ndi mpando wa chotsamira chachitali, wokhala ndi lamba wa pachifuwa ndi wa pakati pa miyendo, wa mwana yemwe khosi ndi msana sizilimba. Chozungulira chikwiriridwe kuti pansi pake pafanane ndi nthaka, mpata wa m'mphepete usapitirire sentimita imodzi, kuti njinga ilowe ndi mwini wake. Pa nyumba zokwera ana pakhale kansanja kosamukirapo, kokwera masentimita 30 mpaka 45, kokhala ndi chogwirira. Padziwe losambiramo pakhale masitepe otakata otsikira m'madzi ndi chogwirira, chifukwa makwerero oimirira aja amafuna miyendo iwiri yamphamvu.

Za mzere, tiphunzirepo kunja. Malo osangalalira a kampani ya Disney ku America kuyambira mu 2013 amapatsa mlendo yemwe sangathe kudikira pamzere nthawi yoti abwerere, yofanana ndi kutalika kwa mzerewo, iye n'kukadikira pena. Mu 2024 anachepetsa anthu oyenera kulandira mwayiwu, ndipo aulumali ambiri anadandaula. Ku San Antonio, ku Texas, kuli Morgan's Wonderland, malo omwe anatsegulidwa mu 2010 atakonzedwa kuchokera pa maziko kuti aulumali akwere limodzi ndi anzawo. Ife tilibe ndalama zotere, koma njira ya nthawi yobwerera imangofuna kakhadi ndi cholembera. Mzere ukakhala wa mphindi 20, woyang'anira alembe nthawi, banja likakhale pamthunzi, nthawi ikakwana lilowe. Palibe wadumpha mnzake. Ndipo pageti musamafunse kalata ya dokotala. Mayi wa ku Furancungo kapena ku Zóbuè yemwe mwana wake salankhula ndipo amadzimenya akapanikizika m'gulu, nthawi zambiri alibe pepala lililonse lotchula vutolo. Funso likhale lakuti, kodi mwanayu chimamuvuta n'chiyani pamzere?

Osaona amavulazidwa ndi zinthu zomwe ndodo yoyera siipeza: zingwe za matenti, zikwangwani ndi malata a mabaraka olendewera pansi pa mamita 2.1, ndi mawaya a jenereta ogona m'njira. Mawaya akwiriridwe kapena adutse m'mwamba. Mphepete mwa sitepe iliyonse mupakidwe utoto wachikasu chifukwa cha omwe amaona pang'ono. Osamva samva chenjezo la pa zokuzira mawu, choncho malangizo alembedwe ndi zilembo zazikulu ndi zithunzi, mu Chipwitikizi, Chichewa ndi Chinyungwe, ndipo woyang'anira makina agwirizane ndi wokwera chizindikiro cha dzanja chotanthauza kuti imitsani. Masipika asalunjike pamzere, ndipo kuseri kukhale ngodya yabata ya mwana yemwe phokoso lamusokoneza.

Ogwira ntchito aphunzitsidwe, ngakhale tsiku limodzi. Alankhule ndi munthu waulumaliyo mwini wake, osati ndi womuperekeza yekha. Afunse asanagwire njinga. Ponyamula akhale awiri, mabuleki atamangidwa, wina agwire thunthu kuchokera kumbuyo wina pansi pa mawondo, osakoka m'khwapa kapena m'manja chifukwa phewa lofooka limaguluka. Njinga isachotsedwe pomwe mwini wake akuiona. Munthu akagwa khunyu amugoneke chammbali, aike chofewa pansi pa mutu, asamuike supuni kapena chala m'kamwa, asamupanikize, ndipo kukapitirira mphindi zisanu athamangire naye kuchipatala. Auzidwe momveka kuti khunyu sapatsirana, chifukwa mantha amenewa ndi omwe amachititsa anthu kuthawa mwana akugwera m'madzi. Magetsi akazima makina ali m'mwamba, adziwiretu yemwe atsitse mwana wosayenda, ndi chiyani, ndipo ayeserere zimenezi malo asanatsegulidwe.

Tikudziwa kuti eni malo adzati ndalama palibe. Lipoti la World Health Organization ndi World Bank la mu 2011 linati kukonza nyumba yatsopano kuti aulumali azifikamo kumaonjezera pafupifupi gawo limodzi pa 100 a mtengo wonse. Chodula ndi kuphwanya ndi kumanganso, n'chifukwa chake tikuloza pa tebulo lovomerezera mapulani. Ena adzati aulumali sabwera kumalo kwawo. Adzabwera bwanji pomwe geti silikwana? Kalembera wa mu 2017 anapeza kuti anthu 2.6 pa 100 aliwonse m'dziko muno ali ndi ulumali, pomwe World Health Organization imati pa dziko lonse ndi 16 pa 100. Dziko lathu linalengezedwa mu 2015 kuti mabomba okwirira odziwika atha, koma omwe anaduka nawo miyendo alipo, lero ndi agogo ofuna kuperekeza adzukulu. Onjezerani ovulala pa ngozi za pamsewu wa Zóbuè ndi wa Cuchamano, odwala sitiroko ndi amayi oyembekezera.

Tsono, olemekezeka, tikupempha kuti khonsolo ndi boma lililonse lisavomereze pulani ya malo osangalalira yomwe sikuonetsa rampa ndi miyezo yake, njira zolimba ndi chimbudzi cha aulumali. Pa tsiku loyendera malo, gulu loyendera likhale ndi munthu woyenda pa njinga, wosaona ndi wosamva, osankhidwa kudzera m'mabungwe awo monga FAMOD, ADEMO, ACAMO ndi ASUMO, ndipo alipiridwe mayendedwe ndi tsiku lawo monga akatswiri ena onse. Eni makina obwera pa lole asaine mfundo zomwezi asanapatsidwe bwalo. Malo omwe alipo kale apatsidwe miyezi 12, ayambe ndi geti, chimbudzi ndi mthunzi, ndipo chiphaso chikamakonzedwanso miyezo iyezedwenso, makamaka mvula ikatha. Mabwalo a khonsolo yeniyeniyo ayambe ndiwo. Tikupemphanso kuti pa 3 Disembala, tsiku la anthu aulumali, khonsolo iliyonse ikhome pakhomo pa ofesi yake mndandanda wa malo omwe ayezedwa ndi zomwe zapezeka, kuti ntchito yokonza ithe 1 Juni asanafike. Tepi, levulo ndi thabwa la mamita 1.2 tili nazo, ndipo mukatiitana tidzabwera kudzayeza nanu.

Ndife anu mwaulemu,

Amisiri omanga, ogwira ntchito yolimbitsa ziwalo, aphunzitsi a ana aulumali ndi okonza njinga za olumala a m'chigawo cha Tete